Makutu Anga, Zala za a Dazi

Lolemba, 3 Malichi

Lero atipatsa zotseka m'makutu. Patatha zaka 22. Zachikasu, ngati timbale tiwiri tolumikizidwa ndi chitsulo chopindika. Anatiimika pamzere kunja kwa shedi ngati ana a sukulu, mayi watsopano woona za chitetezo n'kumaitana mmodzimmodzi. Anthu amupatsa kale dzina, Chipewa Choyera. Chipewacho sichinalawepo fumbi.

Walankhula nthawi yaitali ndithu. Ine ndatolapo mawu atatu: phokoso, makutu, udindo wanu. Zina zonse ndimangoona milomo ikuyenda. Anzanga akaseka, nane ndimaseka.

Udindo wathu, eti. Chaka chimene ndinalowa pa fakitale ino ndinapita ndekha kukadandaula za phokoso. Kapitawo wa nthawi imeneyo anandiponyera thonje la m'bokosi la mankhwala, amvekere mwamuna sathawa phokoso. Thonjelo linatha sabata imodzi. Kuyambira pamenepo ndi ine ndi mpeni wodula malata, gwa! gwa! kuchokera m'mawa mpaka kuweruka. Madzi anatayika kalekale. Iwo lero ndiye abwera ndi chidebe.

A Dazi, mnzanga wa pa makina, anafunsa za magolovesi. Lawo lakumanja linang'ambika pachikhatho, ulusi uli lendelende, anachita kumata ndi tepi. K. (Kapitawo wathu wa pano) wati mwezi wa mawa. Ananenanso zomwezo mwezi watha.

Lachiwiri, 4 Malichi

Ndazivala mpaka nthawi ya tiyi. Phokoso la makina linachepa, koma nyenje zija za m'mutu mwanga ndiye zinapeza bwalo. Tswiii osalekeza. Ndinazitsitsira m'khosi.

Chipewa Choyera anazungulira makina athu ndi kabuku. Anaima kumutu, kumene a Dazi amalowetsa chitsulo m'magudumu opinda malata, kenako anayenda mpaka kumchira kumene ine ndimalandira malata odulidwa n'kumasanja. Mapazi khumi ndi asanu, ndinawerenga. Analoza batani lofiira loimitsira makina, lomwe lili kumbali kwanga kokha, n'kufunsa K. chinachake. K. anandisisita paphewa. A Dazi anandiuza pambuyo pake kuti K. anati, “Madala awa ndi tcheru, sanagonepo pa ntchito.”

Tcheru.

Pa fakitale yonse amene amadziwa za makutu anga ndi a Dazi okha. Zaka 17 tili pa makina amodzi. Akafuna kuti ndiimitse saitana, amamenya sipanala pa chitsulo cha makina, ine n'kumva kunjenjemera m'manja. K. akapereka malangizo, a Dazi amabwera ngati akufuna madzi akumwa, n'kundibwerezera atandiyang'ana kumaso. Lero pa nkhomaliro anagogoda dazi lawo n'kunena kuti, “Achimwene, zachikasuzi kwa inu zili ngati kundigulira chipeso ine.” Ndinaseka mpaka kutsamwa.

Kunyumba, mayi a ana atsitsanso wailesi. Akuti anthu a nyumba yachitatu akumvera nawo nkhani kwaulere.

Lachinayi, 6 Malichi

Dzanja la a Dazi. Sindingathe kulemba.

Lachisanu, 7 Malichi

Ndilembe, mwina zichoka m'maso.

Inali itangokwana 11. Ndinali nditatembenuka, ndikuwongola mulu wa malata umene unapendekeka. Zachikasu zili m'khosi. Sindinamve kalikonse. Ndinangoona mthunzi ukuthamanga, kenako munthu anandikankha mpaka ndinagwera pa malata. Anali Mayi Tsache, amene amasesa mu shedi. Ndi iwo anamenya batani.

Nditadzuka ndinaona a Dazi atagwada kumutu kwa makina, mkono uli m'magudumu mpaka pamfundo, pakamwa pali yasa. Ulusi wa golovesi lija ndi umene unakodwa, n'kukoka dzanja lonse. Sipanala inali pansi kumbuyo kwawo, patali ndi dzanja lamanzere. Tinachita kumasula mabawuti kuti tiwatulutse. Ine ndinamasula awiri. Sanandiyang'ane. Kapena anandiyang'ana, ine ndi amene ndimayang'ana mabawuti.

Lero m'mawa makina atsukidwa, akugwira ntchito. Pa geti aliyense walandira magolovesi atsopano, achikopa, okhuthala, onunkhira sitolo. Pa katoni panalembedwa tsiku limene anafika: 14 Januwale. Ndinaliwerenga katatu. Anali m'chipinda chosungira katundu, kuseri kwa khoma limene a Dazi amatsamira akamadya.

Masana K. anandiitanira mu ofesi yake. Pepala lili kale patebulo. Lipoti. Akuti wovulalayo anayandikitsa dzanja ku magudumu atavala golovesi lowonongeka, mosemphana ndi malamulo. Akuti wa pabatani anaimitsa makina nthawi yomweyo. K. analankhula mokweza, pang'onopang'ono, akundiyang'ana m'maso: “Sayinani apa, madala. Zikuthandizani inuyo.”

Mokweza, pang'onopang'ono. Ndiye kuti nayenso amadziwa? Kuyambira liti?

Ndasayina.

Potuluka ndinakumana ndi Mayi Tsache pampopi. Anandigwira mkono n'kutambasula zala zinayi pamaso panga. “Kanayi, bambo. Anakuitanani kanayi. Ine ndinamva ndili kuchimbudzi.” Anatola tsache lawo n'kumapita.

Loweruka, 8 Malichi

Kuchipatala ndi mayi a ana. Wodi yodzaza, fani ikuzungulira, aliyense akulankhula. Malo otere ine mawu onse amasanduka phala.

A Dazi ali pabedi lakumapeto, dzanja lokulungidwa ngati mutu wa mwana. Alamu, akazi awo, atakhala pambali ndi fulasiki. Ndinawapatsa moni, anayankha ndi mutu. A Dazi anamwetulira, milomo youma. Ananena chinachake motsitsa. Munthu amene zaka 17 sanatsegulepo pakamwa popanda nthabwala. Ndiye ine ndinachita zimene ndimachita masiku onse. Ndinaseka. “Eya, eya, n'zoona zimenezo!”

Alamu anaika fulasiki pansi. Mayi a ana anandiponda phazi. Bambo wa pabedi loyandikana anatembenukira kukhoma.

Tili panja ndinafunsa kuti anati chiyani. Mayi a ana anayenda mpaka pamsewu. Kenako anaima, n'kundigwira chibwano ngati mwana kuti ndiwaone pakamwa.

“Anati, adula zitatu, chatsala chachikulu ndi chaching'ono.”

Lamulungu, 9 Malichi

Sindinatuluke. Ndinakhala pakhonde kukonza mpando umene sunali wothyoka.

Masana mayi a ana anabwera kutsogolo kwanga, manja m'chiuno. Akuti anaima kumbuyo kwanga n'kundiitana kasanu. Koyamba monong'ona, komaliza mpaka galu wa aneba anauwa. Akuti akhala akundiyesa chonchi zaka zitatu, ine osadziwa. Akuti mwana wathu wamkazi anasiya kundiimbira foni osati chifukwa chotanganidwa ndi sukulu ya unamwino, koma chifukwa ndimayankha zimene sanafunse, iye n'kumalira akadula.

Ndinati makutu ndi anga, asandivute.

“Anali anu mpaka Lachinayi,” anatero. N'kulowa m'nyumba.

Mkazi ameneyu akafuna kubaya safuna mpeni. Ndinafuna kumuuza kuti sindine ndinabisa katoni ya magolovesi. Sindine ndinaika batani limodzi pa makina otalika ngati basi. Sindine ndinapatsa munthu thonje. Zonsezo n'zoona. Koma kanayi ndi kanayi.

Ndikanena, andichotsa pa makina. Munthu wa zaka 54, wogontha, amene amadziwa ntchito imodzi yokha. Apita kuti? Mwana watsala ndi chaka chimodzi kuti amalize.

Lolemba, 10 Malichi

Pamalo pa a Dazi aikapo bambo wina wochokera ku shedi ya misomali. Magolovesi atsopano, zachikasu kumakutu, magalasi kumaso. Wavala ngati akupita kumwezi. Za sipanala sadziwa, ndipo sindingamuuze.

Tsiku lonse khosi langa linali chotembenuka. Lata lililonse ndikalandira, maso kwa iye. Akangokanda mphuno, dzanja langa lili pa batani. Ndinaimitsa makina kasanu popanda chifukwa. K. anabwera akukalipa, mitsempha ya m'khosi ili njo. Ubwino wa ugonthi ndi umenewo.

Pakhoma amatapo zithunzi zatsopano. Kamunthu kojambula kakumwetulira, katavala zonse, zala khumi zili bwinobwino. Pansi pake: CHITETEZO CHIMAYAMBA NDI IWE. Achimata pamwamba penipeni pa msomali umene a Dazi amakolekapo jekete. Jeketelo likadali pompo.

Pa nkhomaliro ndinakhala pafupi ndi a ku ofesi kuti ndiziona milomo. Ndinagwira “Lachisanu”, “komiti”, “kusasamala”. Ndinafunsa Mayi Tsache. Akuti a Dazi aitanidwa Lachisanu kukaonekera kwa bwana wamkulu. Akapezeka kuti anaphwanya malamulo, ntchito yatha, ndipo fakitale ilibe nawo mlandu. Zala zitatu, n'kuwonjezera kalata.

Ndinawafunsa ngati iwo awaitana kukachitira umboni. Anaseka. “Tsache limachitira umboni?”

Lachiwiri, 11 Malichi

Ndinanama kuti dzino likundiwawa, ndinapita kuchipatala cha makutu.

Anandilowetsa m'kachipinda konga kabati, n'kundiveka zakumakutu, n'kundipatsa kabatani. Ukamva kulira, dina. Ndinakhala. Ndinadikira kuti ayambe. Patapita nthawi ndinasuzumira pagalasi kuti ndiwauze kuti makina awo sakugwira, n'kuona dokotala akulemba kale. Anali atayamba kalekale.

Anandionetsa pepala la mizere iwiri yotsetsereka ngati njira ya kudambo. Lamanzere latsala pang'ono kutheratu. Lamanja theka. Anafunsa ntchito yanga. Nditamuuza sanadabwe n'komwe. Anafunsa ngati timavala zoteteza. Ndinati inde adokotala, kuyambira Lolemba la sabata yatha.

Sanaseke. Anati zimene zinapita sizibwerera, koma zotsalazo tingazisunge ndikamavala tsiku lililonse, ndipo pali timakina tothandiza kumva. Kenako analemba pansi pa pepalalo, n'kulitembenuza kuti ndiwerenge ndekha: asagwire ntchito imene chitetezo cha ena chimadalira kumva kwake.

Ndalipinda kanayi. Lili m'thumba la ovolosi.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndikuweruka ndinapeza alamu atakhala pakhonde pathu, mayi a ana atawapatsa mpando uja. Tiyi sanamukhudze. A Dazi anatuluka m'chipatala dzulo.

Anadikira kuti ndikhale. Kenako anakoka mpando mpaka maondo athu anatsala pang'ono kugundana, n'kuyamba kulankhula mokweza, liwu lililonse palokha. Ndinachita manyazi kuposa akanandilavulira.

“Alamu, sindinabwere kudzapempha zala. Zinatayidwa kale.”

Akuti a Dazi awaletsa kubwera. Akuti anawauza zonse ali m'chipatala, za sipanala, za kundibwerezera mawu, n'kuwalumbiritsa kuti asauze munthu. Akuti Lachisanu akavomera kuti kulakwa n'kwawo, chifukwa nyumba imodzi ikapsa sutenthanso ya mnzako kuti mufanane.

“Iwowo ndi mnzanu, akukusungani. Ine si mnzanu. Ine ndi amene ndikuwamanga mabatani a malaya m'mawa. Dzulo anafuna kutsegula botolo la mankhwala, analimbana nalo mpaka analira. Bambo aja, kulira. Ndiye Lachisanu akawauzenso kuti iwo ndi osasamala? Zaka 17 akukumverani mawu a anthu. Inu simungawalankhulire kamodzi?”

Ndinati ndamva.

“Mwamvadi? Kapena ndi eya eya uja?”

Mayi a ana anawaperekeza. Anachedwa kubwerera.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndavala zachikasu tsiku lonse. Nyenje zokhazokha. Ndinaimitsa makina kasanu ndi kawiri.

Chipewa Choyera anandipeza pampopi n'kufunsa ngati zikundithina. Ndinamufunsa ngati anaona tsiku lolembedwa pa katoni ya magolovesi. Anayang'ana pansi. Kenako anati analemba kalata yokhudza batani lachiwiri Lachiwiri lija anazungulira makina athu, palibe wayankha. Mwina chipewacho chayamba kulawa fumbi. Mwinanso ayi.

Madzulo ndinauza mayi a ana za pepala la dokotala. Analiwerenga, n'kulipinda momwe linalili, n'kundibwezera. Anangoti, “Malaya oyera aja ndasita.”

Lachisanu, 14 Malichi

Andichotsa pa makina. Ndikhale kunyumba mpaka adzandiitane, sananene liti, sananene kuti kukatani. Nkhani ya a Dazi aiimitsa, lipoti lilembedwanso, ndipo Mayi Tsache akafunsidwa Lolemba. Ndi zokhazo. Palibe amene wapepesa munthu.

Mu ofesi munali bwana wamkulu, K., Chipewa Choyera, ndi a Dazi atakhala pakona, mkono uli pa nsalu yokoleka m'khosi. Aonda. Dazi lokha ndi limene silinasinthe. Ine anandiimika pafupi ndi chitseko. K. anawerenga lipoti lija. Atamaliza onse anandiyang'ana, ndiye ndinadziwa kuti afunsa ngati zili zoona. A Dazi anandigwedezera mutu pang'ono, kuti vomerani, achimwene, tizipita.

Ndinati amene anaimitsa makina si ine. Ndinati munthuyu anandiitana kanayi ine osamva. Ndinati golovesi lake linang'ambika mwezi wa Disembala, anapempha lina pamaso pa tonse, katoni ili kuseri kwa khoma. Mawu anga sindimawamva bwino, mwina ndimakuwa, chifukwa mlembi wa panja anasuzumira pachitseko. Ndinatulutsa pepala la dokotala n'kuliika pamwamba pa lipoti.

K. anayamba kulankhula mofulumira, manja m'mwamba. Bwana anamukwezera chala, K. n'kulekera pomwepo. Kenako bwanayo ananena chinachake, mutu uli pa mapepala. Khosi langa linayamba lokha kugwedezeka, eya eya atafika kale pamilomo. Ndinamumeza.

“Bwana, dzutsani mutu mundiyang'ane, ndipo mukweze mawu. Ine sindimva.”

Anadzutsa. Koyamba kuona kuti ali ndi chipsera pachikope.

“Kuyambira liti?”

Ndinakoka mpando n'kukhala, ngakhale palibe anandiuza. Ndinayambira pa thonje. Chipewa Choyera amalemba.

Tinatuluka. A Dazi anatsogola, ine pambuyo, kudutsa shedi yonse anthu akutiyang'ana. Alamu amadikira kutsidya kwa msewu. Titafika pa geti a Dazi anatembenuka, nkhope ili gwa, n'kukuwa mpaka mlonda anatuluka m'kanyumba kake.

“Chitsiru! Chitsiru cha munthu! Ndataya zala kuti ndikusungireni ntchito, inu n'kukaitaya ndi pakamwa? Tsopano tidzidya chiyani, nyumba ziwiri?”

Ndinamva liwu lililonse. Ndinawauza choncho. Ndinati achimwene, mukanamakuwa chonchi masiku onse bwenzi tilibe mavuto. Sanaseke. Ndinaona kuti nthabwalayo yafika msanga, mwina siidzafika n'komwe.

Tinaima pamenepo, malole akudutsa. Kenako anayang'ana pansi. Chingwe cha nsapato yawo yakumanja chinali chitamasuka, chikukwekwereka m'fumbi. Anayang'ana kutsidya kumene kunali alamu, n'kuyang'ananso nsapato. Anasuntha phazi pang'ono n'kuliika patsogolo panga, nkhope atatembenuzira kumbali.

Ndinagwada n'kumanga.